Akuba a m'Kope la Thandi

"Ababa, masamba a m'kope langa ali kuti?"

Lazarus anali pakhonde akupala matope ku nsapato zake. Anadzutsa mutu. Mwana wake Thandi anali ataima pakhomo, yunifolomu asanavule, m'manja muli kope lachikuto chobiriwira. Pakati pa kopelo panali mpata ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

"Ndakulungira mbewu," anayankha.

Tsiku lililonse la msika, Lazarus ankagulitsa mbewu za kudimba pa Kandeu: mpiru, repu, anyezi ndi tomato. Ankayeza ndi kachitsekero ka botolo, n'kuthira papepala, n'kupinda. Mapepalawo ankang'amba m'makope akale a Thandi. M'mawa wa tsikulo makope akale anali atatha, ndiye anatenga lomwe analipeza pansi pa mphasa. Anaona kuti linali lolembedwa mpaka tsamba lomaliza. Kwa iye, kope lodzaza linali kope lotha ntchito.

"Si za kusukulu izi, ababa. Ndi buku langa. Ndalilemba ndekha miyezi khumi ndi inayi."

Miyezi imeneyo Lazarus sanafunikire kuiwerenga. Inali miyezi yomwe inadutsa chimwalirire mkazi wake, Maness.

"Masamba angati?" anafunsa.

"Khumi, asanu ndi anayi."

Thandi sanalire. Analowa m'nyumba, anaphika, anawapatsa bambo ake madzi osamba m'manja atagwada monga mwa nthawi zonse. Koma sanawayang'ane kumaso, ndipo kopelo analiponya m'dengu la zitsononkho zoyatsira moto. Lazarus analitola, analipukuta, n'kuliika m'thumba la jekete.

Kutacha anatulutsa njinga. Mayina a makasitomala ake sankawalemba paliponse, koma ankadziwa aliyense ndi mbewu imene anagula.

Anayambira kudimba kwa Dailes, mng'ono wa malemu mkazi wake. Anampeza akuthirira nazale. Mapepala awiri anali atabayidwa pa timitengo, kusonyeza pomwe panafesedwa repu ndi pomwe panafesedwa mpiru.

"Ndabwerera mapepalawo," anatero Lazarus.

"Alamu, mwasanduka mbuzi kodi, kuti muzilondola mapepala m'madimba?" Dailes anaseka mpaka kheni inatsala pang'ono kum'pulumuka. Atamva nkhani yonse anapukusa mutu. "Safunsa anadya phula. Inu pakamwa munasoka, ndiye taonani. Komatu ndawerenga ine. Muli ana asanu othamangitsidwa m'midzi mwawo, wina wotsimphina, wina wachibwibwi, amakhala kuphanga n'kumaba. Wina akuti amaba mithunzi ya anthu olemera n'kumafunda! Mwanayu nzeru zimenezi anazitenga kuti? Kwa inu ayi."

Lazarus anazula mapepalawo, anawawongola pabondo, n'kukwera njinga.

Kwa Chrispine, wokonza njinga pamsika, anapeza tsamba limodzi lokha mwa atatu.

"Enawo ndapichirira fodya, achimwene," anatero Chrispine mopanda manyazi. "Akuba anuwo anakoma zedi. Apita ndi utsi. Ili mwalipeza chifukwa fodya ndiye anatha."

Dzuwa pofika paliwombo anali atayenda makomo asanu ndi awiri. Tsamba lina analipeza m'khola la nkhunda, lina mwana atapangira kandege, lina litanyowa moti inki inayenderera. Ena ankamufunsa ngati mbewu zake zinali zolakwika. Iye ankangoti, "Pepala lokha." Anatsala ndi khomo limodzi, la mayi Eliness, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo, omwe anagula mapaketi atatu a anyezi.

Anawapeza akusankha nyemba pamkeka. Sanadikire kuti anene chomwe wadzera.

"Khalani pansi, bambo a Thandi. Mwachita bwino kubwera nokha." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku la nyimbo. Masamba atatu aja anali m'kati mwake, atawongoledwa bwinobwino. "Mukudziwa zomwe mwana wanu akulemba? Ana oyenda pansi pa phiri. Nkhalamba yosunga zinthu za akufa. Kuba kukutamandidwa ngati ntchito. Izi ndi zaufiti, ndipo Lamulungu ndikazionetsa kwa akulu ampingo."

"Ndi nthano," anatero Lazarus.

"Nthano? Mwana wa Maness, mayi amene anaimba kwaya zaka makumi awiri? Kuwongola mtengo m'poyamba. Mukalekerera, mudzalira."

"Ndi ake. Ndinang'amba ndine."

"Sindipereka."

Lazarus anatsamiritsa njinga pamtengo wa pichesi, anavula chipewa, n'kukhala pachitsa. Mayi Eliness anamaliza kusankha nyemba. Anapita kumjigo n'kubwerako. Anampeza ali pomwepo, chipewa chili pabondo.

"Kodi mumera mizu pamenepo?"

"Kapena."

"Inu simunawerenge, n'chifukwa chake mukuuma mutu. Tamverani nokha."

Zinali zoona. Lazarus analekeza sukulu Sitandade 3, ndipo zolemba zamanja zinkamutopetsa maso. Mayi Eliness anavala magalasi, anakonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a pamsonkhano.

"Atafika pakhomo la phanga lachitatu, anaona mitsuko yosawerengeka, uliwonse wotsekedwa ndi phula. Anzake anathamangira kumene kunali mikanda ndi golide. Koma Mtendere anati, 'Zisiyeni zimenezo. Nkhalamba ija imasunga mawu a anthu akufa m'mitsukomu. Ine ndadzera mtsuko umodzi wokha. Muli mawu a amayi anga. Nkhope yawo ndikuikumbuka, koma ndayamba kuiwala momwe ankandiitanira.'"

Mayi Eliness analekera pomwepo. Anatembenuza tsambalo, anayang'ana kuseri, n'kulitembenuzanso. Zinaoneka kuti dzulo lake anawerenga masamba awiri oyamba okha, mkwiyo n'kuwakwanira. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, nthawi yaitali kuposa momwe magalasi amafunira.

Lazarus anali akuyang'ana pansi. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti akangokhala chete, bala la mwanayo lipola msanga. Dzina la Maness sankalitchula. Zovala zake anazipereka kwa abale, chithunzi anachiika m'sutikesi. Sanadziwe kuti m'nyumba mwake momwemo mwana ankatuma akuba kukafuna chomwe iye anatsekera.

"Ndiye anautenga mtsukowo?" anafunsa mayi Eliness motsitsa mawu.

"Sindikudziwa."

Anamupatsa masamba atatuwo. "Akamaliza kulemba andibwereke. Osati kuti ndikufuna kudziwa mathero ake, ayi. Ndikufuna ndione ngati mulibe zolakwika."

Lazarus anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Thandi anali atabwera kale kusukulu, akusenda mbatatesi pakhonde. Lazarus anatulutsa kope lija, pamwamba pake n'kuikapo mulu wa masamba opindikapindika, onunkha dothi ndi ndowe.

"Khumi ndi asanu," anatero. "Anayi ndalephera."

Thandi anapukuta manja. Anayala masambawo pamphasa n'kuyamba kuwasanja, milomo ikugwedera powerenga manambala omwe analemba m'makona. Atamaliza anawayang'ana bambo ake.

"Mwayenda mpaka kuti?"

"Konseko."

"Atatu mwa osowawo ndingathe kulembanso," anatero Thandi. "Koma palibe tsamba lomwe Mtendere akutsegula mtsuko."

"Sungalembenso?"

"Limenelo ayi. Ndinalilemba m'mawa wina nditawalota amayi. Ndinadzuka mawu awo akadali m'khutu, ndiye ndinalemba msangamsanga. Pano sindikuwamvanso. Ndikayesa, ndimamva mawu anga omwe."

Madzi akatayika saoleka. Lazarus anadziwa kuti tsambalo linapita ndi utsi wa Chrispine, kapena linawolera m'nazale ya wina. Anakhala pansi, pamphasa pomwepo, zomwe sankachita.

"Ankakuitana Kadzombe," anatero.

Thandi anadzutsa mutu.

"Chifukwa cha timiyendo. Uli wamng'ono sunkayenda, unkangodumpha. Ankaima apo, pafupi ndi nkhokwe, dzanja lili m'chiuno." Kenaka Lazarus, ndi mawu okwera omwe sanali ake, okoka kumapeto, anaitana: "Kadzombeee! Ukatera m'munda mwa eni, akukazinga!"

Mawuwo anasweka pakati, moti nkhuku zomwe zinali pabwalo zinabalalika. Thandi anaphulika kuseka, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika mpaka m'zala.

"Eya! Ndi momwemo! Koma kumapetoko ankatsitsa pang'ono."

"Ankatsitsa akakwiya. Akakondwa ankakweza."

"Dikirani." Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi cholembera ndi kope la masamu. Anatsegula kumbuyo kwake. "Nenaninso. Nanga inuyo ankakuitanani bwanji?"

Lazarus anakanda m'mutu. "Zimenezo si za m'buku."

"Ababa."

"Ankati Chitsa."

Analankhula mpaka ng'ombe za pamudzi zinadutsa pobwerera kukhola. Mbatatesi zinada m'beseni, palibe anazikumbuka.

Tsiku la msika lotsatira, anthu a pa Kandeu anapeza Lazarus atakhala pamalo ake akale, mbewu zake atazikulunga m'makoko a chimanga n'kumanga ndi luzi. Chrispine anatola paketi imodzi, anaitembenuza uku ndi uku, n'kudandaula kuti malonda alowa pansi.

"Mapepala ali ndi mwini," anatero Lazarus, n'kupitiriza kuyeza.