Khofi wa Levison Sanawonjezere Magazi

Felesita atauzidwa kusikelo ya amayi oyembekezera kuti magazi ake ndi ochepa, mwamuna wake Levison anati nkhaniyo amusiyire iye. Levison ankasamalira maluwa kunyumba ya bwana wina, ndipo bwanayo anali atamupatsa chitini cha khofi. Anafika nacho kwawo ku Chinsapo atachifukata ngati khanda.

"Taonani mmene waderamu," anauza mkazi wake. "Anthu amati madzi a masamba a mapeyala amawonjezera magazi. Nanga uyu wa mabwanayu?"

Kuyambira pamenepo Felesita ankamwa makapu anayi patsiku, wakuda bii. Ngakhale mapiritsi owonjezera magazi ankamwera khofi yemweyo. Akadandaula kuti mtima ukuthamanga ndipo tulo sakutiona, Levison ankasekerera n'kunena kuti ndi magazi akubwera amenewo. Munthu wosafunsa amalimba mtima zedi.

Mwana anabadwa wosakwana makilogalamu awiri. Levison anakamuona kuchipatala, timiyendo ngati zala.

"Kodi mapiritsi aja ankamwa?" anafunsa namwino, Mayi Tadala.

"Tsiku lililonse, amayi. Ndinkawapatsa ndekha, ndi khofi."

Namwinoyo anamuyang'ana mwachisoni. "Abambo, khofi sawonjezera magazi. Khofi kapena tiyi akamwedwa pamodzi ndi mapiritsi aja, ngakhale ndi chakudya, thupi sililandira bwino zopangira magazi. Komanso khofi wambiri angachititse mwana kubadwa wochepa. Sindikunena kuti chifukwa ndi chokhacho, koma sanathandize."

Levison anaweramitsa mutu, misozi ili mbwembwembwe. "Bwanji simunakane?" anafunsa mkazi wake.

"Munkandifulira ndi chikondi," anayankha Felesita motsitsa mawu. "Ndikanakana bwanji?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa a namwino aja.

Atatuluka m'chipatala, Felesita ankamwera mapiritsi madzi. Levison ankagula bonongwe, nyemba ndi usipa, ndipo akaweruka kuntchito ankamangirira mwanayo pachifuwa pake kuti atenthedwe, monga anawaphunzitsira kuchipatala. Anzake ankamuseka, iye osalabadira. Patatha miyezi iwiri, sikelo ya mwanayo, yemwe anamutcha Tiyese, inakwera ndipo Mayi Tadala anamwetulira. Chitini chija Levison anadzalamo duwa.

Mayi woyembekezera achepetse khofi, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amwere madzi. Musanapatse wokondedwa wanu chilichonse ngati mankhwala, funsani kaye kuchipatala, pakuti kufunsa ndi kudziwa njira.