Timabatani ta M'bokosi Lobiriwira

Nkhani iyi sindinauzepo mnzanga aliyense. Ngakhale amayi anangoimva theka.

Ababa sagula zipolopolo zopanga kale. Amatola zigoba zamkuwa zomwe awombera, kuzitsuka, n'kuzidzazanso okha pakabenchi kawo kuseri kwa khola la ng'ombe. Kuthako kwa chigoba chilichonse kumalowa kabatani kakang'ono ngati njere ya mphodza, ndipo mfuti ikakamenya ndi komwe kamayatsa onga. Kwa zaka makumi awiri ankagwiritsa timabatani ta kampani imodzi, ta m'bokosi lobiriwira. Chaka chatha mwini sitolo ku tauni ya Obihiro anati timeneto tasiya kubwera, n'kuwagulitsa ta bokosi lofiira ndi ta bokosi lachikasu.

Mu Novembala ababa anawombera gwape amene ankatha udzu wa ng'ombe wa anansi athu, koma sanagwe. Anatsata magazi pachipale chofewa mpaka dzuwa kupendeka, osamupeza. Tsiku limenelo chakudya anangochiyang'ana. Ababa amati mlenje amene wavulaza nyama n'kuisiya ikubuula m'tchire alibe chifukwa chogwiranso mfuti.

"Ndi timabatani tatsopanoti," anatero. "Kukazizira timayaka mwaulesi."

Amayi anavomera. Inenso ndinagwedeza mutu, ngakhale ndinali nditawaona ababa kawiri akuthira tiyi pambali pa kapu, ndiponso powerenga nyuzi ankapendeketsa mutu kuti diso lakumanzere likhale patsogolo. Ine ndine uja aphunzitsi ankati akandifunsa funso ankachita kuwerama kuti amve yankho. Ndikanayambira pati?

Nditamaliza sukulu mu Malichi, chipale chisanasungunuke, ababa anandiitana kukabenchi.

"Kotoe, mawa tikayesa. Ndapeza tisanu tobiriwira totsala m'kabati. Zigoba zofanana, onga wofanana, mitu ya zipolopolo yofanana. Chosiyana chikhale chimodzi chokha, kabatani. Ukasintha ziwiri sudziwa wolakwa."

Anali atadetsa matako a zipolopolo zonse ndi inki yakuda kuti asazizindikire. Anaziika zisanuzisanu m'timabokosi titatu tofanana, ndipo pansi pa kalikonse anamata kapepala konena mtundu. Kenako anandifulatira.

"Sokoneza, ulembe manambala pamwamba. Mkatimo usakhudze, lamulo silikulola. Ndipo usandiuze mpaka nditamaliza, mtima umakondera."

Kumalo oyeserera mfuti tinapeza a Nishimori, amene amayang'anira malowo, akuwotha mbaula.

"A Kamada, mwabwera ndi mlembi lero? Kodi kamtsikana aka kamayankhula? Chibadwire sindinamve mawu ake."

"Amayankhula zikakhala zaphindu. Si inu."

"Ndiye kwanu kumakhala zii ngati kumanda," anatero akuseka, n'kundipatsa zotseka m'makutu.

Mapepala atatu owomberapo anali pa mtunda wa mamita zana. Ine ndinakhala pagalasi loonera patali, kope la ababa lili pamiyendo. M'kopemo amamata mapepala akale. La zaka zitatu zapitazo lili ndi mabowo asanu okumbatirana, ndipo pambali analemba kuti kobiri la mayeni zana linawaphimba onse.

Bokosi loyamba, mabowo anamwazika ngati chikhato changa. Lachiwiri, anayandikirana pang'ono. Akawombera kamodzi ankadikira kuti mpope wa mfuti uzizire, akupukuta galasi la mfuti ndi kansalu, ngakhale linali loyera kale. Lachitatu ndiye linaipitsitsa. Mabowo anayi anali motalikirana, lachisanu linangobudula m'mphepete mwa pepala.

A Nishimori anabweretsa mapepalawo n'kuwayala pabenchi. Nthabwala zinali zitawathera.

"Mwaona?" anatero ababa, chala chili pa pepala lachitatu. Nkhope yawo inawala koyamba chichokere Novembala. "Awa ndi ofiira aja. Ndi amene anandichititsa manyazi. Achiwiriwa ndi anga akale, ndawamva ndi phewa. Kotoe, tembenuza tione."

Ndinali ndikudziwa kale. Nambala yachitatu ndinailemba ndekha pa lobiriwira.

Timapepala ta pansi pa timabokosi tinali tomata ndi tepi yosalimba. Ababa anali atatembenuka kuti atseke chikwama cha mfuti, a Nishimori akusonkhezera mbaula. Chikhadabo changa chinalowa pansi pa kapepala kamodzi. Ndikanasinthanitsa, tikanapita kunyumba akuimba muluzu, n'kugula makeke panjira. Koma ndinaganiza za nyengo yosaka ya Okutobala akubwerayu, ndi gwape wina akukoka mwendo m'nkhalango, ndi ababa akutsata magazi okhaokha.

"Ababa."

"Nena."

"Lachitatu ndi lobiriwira."

Anatenga kabokosiko n'kukatembenuza. Anakayandikiza kumaso, kenako anapendeketsa mutu muja amachitira.

"Wasokoneza manambala."

"Ayi, ababa. Ndinabwereza katatu." Ndinapitiriza. "Oyamba ndi achikasu, achiwiri ndi ofiira. Palibe amene afanana ndi m'kopemu. Munati chosiyana chikhale chimodzi chokha, koma pali china chasintha chomwe simunachilembe. Diso lanu lakumanja lili ndi kamtambo. Ndinakaona kalekale, ndimangoopa."

A Nishimori anatola ndowa ya malasha n'kutuluka, ngakhale inali yodzaza.

Ababa anakhala pabenchi. Anatseka diso lakumanzere ndi dzanja, n'kuyang'ana uko kwa mamita zana. Anatsekula, n'kutsekanso. Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Ndinkati ndi galasi la mfuti lachita nkhungu," anatero pansipansi. "Kenako ndinati ndi timabatani. Ndikanamaliza sitolo yonse ya ku Obihiro."

"Pepani."

"Wapepesa chiyani? Mlembi wabodza ndi wa ntchito yanji?" Anandikankhira kope. "Lemba. Tsiku, kuzizira kwake, mitundu itatu. Pansi ulembe kuti mayeso sanatheke, wowombera ndiye anali ndi vuto."

Ndinalemba, inki ikukana chifukwa cha chisanu. Iwo anamasula mpunga woumba umene amayi anatikulungira, n'kundipatsa wokhala ndi nsomba, womwe amaukonda okha.

A Nishimori atabwerera anakhosomola kaye pakhomo. "Mlamu wanga anamupala ng'ala chaka chatha. Pano amaona ngakhale zolakwa za anthu ena."

"Ankaziona kale ameneyo," anatero ababa. "Mundilembere dzina la chipatalacho, zilembo zikuluzikulu. Mfuti ikakhala m'kabati mpaka adokotala atanena."

"Nanga timabatani, mwasankha titi?"

"Tidzayesanso ndikadzachira. Mlembi ndi yemweyu, mwamva kuti amayankhula."

Panja mphepo inali itayamba kuulutsa chipale pamsewu. Ababa anaika chikwama cha mfuti kuseri kwa mpando, n'kuima kanthawi pakhomo la dalaivala. Laisensi yanga inali ndi masabata atatu okha, ndipo kagalimoto kawo anali asanandilolepo ngakhale kukatulutsa m'shedi. Anazungulira mbali inayo, n'kundiponyera makiyi pamwamba pa denga.

"Pang'onopang'ono pamlatho paja," anatero akumanga lamba. "Ukaona gwape undiuze."