Tsiku Lomwe Anakolola kwa a Vavra

Yesenia Barragan anaona fumbi asanakhote n'komwe pa msewu wa miyala wolowera kumunda wa a Vavra. Linali fumbi lachikasu, lokwera ngati utsi wa moto wolusa tchire, ndipo pansi pake pankayenda makina okololera asanu ndi awiri mondondozana. Malole anali atandanda m'mbali mwa msewu. Anaimitsa pikapu ya yunivesite pakati pa msewu, kalavani ya sikelo ili kumbuyo, n'kuyamba kuthamanga osatseka ngakhale chitseko.

"Imani! Chonde imani kaye!"

Ndani akanamva? Makina amenewo akamalira, ngakhale bingu sulimva.

Chakumpoto kwa mundawo, pafupi ndi mzere wa mitengo, n'kumene kunali kafukufuku wake. Anali atagawa malowo m'timinda 48, kalikonse ndi muyeso wakewake wa feteleza, kuti aone ngati alimi athu angachepetse feteleza amene akutiipitsira madzi a m'zitsime popanda chimanga kutsika. Kamunda kalikonse kanayenera kukololedwa pakokha ndi kuyezedwa pakokha. Chino chinali chaka chachitatu, chomaliza. Popanda manambala 48 a chaka chino, digiri yake ya udokotala wa zaulimi yomwe ankaiyembekeza mwezi wa Meyi panalibe.

Atafika pa mzere wa mitengo uja anapeza ziputu zokhazokha. Munda wonse unali mbee, ngati mutu wometedwa mpala.

Kwathu kuno ku Tabor Creek, m'zigwa za chimanga za pakati pa America, mlimi akagwa matenda nthawi yokolola sitichita kupemphedwa. Wina amangoimba mafoni atatu anayi, tsiku n'kupanganika, aliyense n'kusiya munda wake kubwera ndi makina ake. Timayamba kukacha, dzuwa likamapendeka munda wa mnzathu wayera. Ndi mwambo umene timaunyadira, ndipo ine sindilola munthu kuunyoza. A Arlen Vavra anali atagwa ndi sitiroko m'khola la ng'ombe masabata atatu m'mbuyomo. Ndiye anthu anabwera.

Makina ofiira amene anali patsogolo anaima, ndipo munatsika a Verlin Hruska, chimunthu cha zaka makumi asanu ndi awiri chomwe munda wake unachita malire ndi wa a Vavra. Ndiwo anaimba mafoni aja.

"Mwana wa sukulu!" anakuwa akuseka. "Wachedwa, khofi watha kalekale. Anthu ophunzira inu mumadzuka nkhuku zitabwerera kukagona!"

"Bambo Hruska, chimanga changa chili kuti?"

"Chako? Iwe unagula liti munda kuno?"

"Cha m'timinda muja! Pamene panali timbendera tofiira!"

"Oo, timbendera!" A Verlin anakweranso pa makina awo n'kutsika ndi mtolo womangidwa bwinobwino ndi chingwe. "Nati. Ndinalawirira ndekha kutizula, kamodzikamodzi, msana uno ukundipweteka. Ndinati makina angatiphwanye, mwana wa anthu uja n'kudzakalipiridwa kusukulu kwake. Werenga, palibe kamene kasowa."

Yesenia analandira mtolowo ndi manja awiri. Anafuna kutukwana, anafuna kulira. Munthuyo anali atamuyang'ana ndi nkhope yodikira zikomo.

"Kamunda kalikonse kanayenera kuyezedwa pakokha," anatero motsitsa. "Ndi chifukwa chake ndabwera ndi sikelo."

Kumwetulira kwa a Verlin kunayamba kuzilala. "Pakokha? Koma chimanga n'chimodzimodzi. Ndachithira mulole imodzi ndi chinzake, ija yobiriwira ili apoyo."

Nthawi yomweyo panafika a Dwight Pokorny akuwefuka, pepala la ndandanda ya malole lili m'manja. Iwowa ndi mlangizi wa zaulimi amene yunivesite inatiikira kuno zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, ndipo palibe khola kapena chitsime m'dera lino chimene sakuchidziwa. Ndiwonso anapezera Yesenia malo pamunda wa a Vavra. Ataona ziputu, n'kuona mtolo wa timbendera, anagwira pamutu.

"Mayo ine! Yesenia, mwana wanga, mlandu ndi wanga."

"Munadziwa kuti akubwera lero?"

"Tinapangana kuti tikolole Loweruka. Dzulo wailesi inati chipale chofewa chigwa mawa usiku, ndiye tinasinthira lero. Ndinati ndilawirire kudzamanga chingwe kuzungulira timinda tako. Kenaka mayi Vavra anandipempha kuti ndikawathandize kutenga amuna awo kuchipatala, ndiye mutu unangoti balala. Ndaiwala, basi. Sindinama."

"Zaka zitatu, bambo Pokorny. Mwaiwala zaka zitatu!"

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa! Ndalumidwa ndi udzudzu m'menemu, ndakumba dothi manja atachita matuza. Mayi anga auza kale anzawo onse kuntchito kwawo kumalo ophera ng'ombe kuti mwana wawo akhala dokotala mu Meyi. Ndikawauza chiyani? Kuti anthu abwino anandikololera?"

A Verlin anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja. "Ife timati mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero. "Sitinadziwe kuti pozima ndevu za Arlen tikuyatsa zako."

Palibe anaseka. Yesenia anapita poteropo n'kuimbira foni Pulofesa Lindqvist, mayi amene ankayang'anira maphunziro ake. Mayiwo anamvetsera osamudula, kenaka anapuma mozama.

"Pepa kwambiri, Yesenia. Koma komiti yoona za digiri yako siivomera zaka ziwiri, ukudziwa iwe mwini. Chaka choyamba kunali chilala, chachiwiri mvula inachita kunyanya. Chachitatuchi ndicho chikanatiuza zoona. Ngati malowo alipobe chaka chamawa, ubzalenso pomwepo, umalize mochedwa ndi chaka chimodzi. Koma pakhale pomwepo. Ukasintha malo, dothi ndi lina, uyambira pachiyambi."

Atabwerera anapeza a Dwight akumudikira okha. Anamukokera kuseri kwa lole n'kutsitsa mawu.

"Tamvera. Makina a Verlin ali ndi kompyuta imene imalemba zokolola akamayenda. Titenge mapu ake, tiwadule m'timabokosi 48, basi manambala apezeka."

"Makina awo amatenga mizere khumi ndi iwiri nthawi imodzi. Timinda tanga n'ta mizere isanu ndi umodzi. Asakaniza tiwiritiwiri, ndiponso ayenda mopingasa."

"Pamene pasokonekera udzazamo wekha. Zaka ziwiri uli nazo, njira yake ukuiona. Ine ndisaina kuti ndinalipo poyeza. Ndani adzadziwe?"

"Manambala amenewo mudzawasindikiza m'kapepala kamene mumagawira alimi kaja. Mudzaimirira pamsonkhano wa alimi n'kuwauza kuti achepetse feteleza chifukwa yunivesite yayeza."

"Ndipo mwina n'zoonadi!"

"Mwina."

"Iwe mwana, madzi akatayika saoleka, koma sufa ndi ludzu chitsime chili pafupi. Ine ndakulakwira, ndilole ndikonze."

Kunena zoona, mawuwo anamulowa Yesenia. Anaona m'maganizo mwake mayi ake atavala diresi yatsopano, ataimirira m'holo ya yunivesite ndi manja awo otupa aja akuwomba. Kudzaza timabokosi inali ntchito ya madzulo amodzi. Iye ankadziwa manambala amene akanaoneka oona kuposa oona enieniwo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa.

Belu la chakudya linalira kushedi. Makina anazima amodziamodzi, anthu n'kuyamba kuyenda akudzikuntha fumbi. Akazi a kutchalitchi anali atayala matebulo pakati pa mathirakitala: masangweji a nyama yootcha, nyemba zotsekemera, mbatatesi, ndi mabanzi aja a kolache okhala ndi zipatso pakati. Phokoso linali ngati la paukwati. Wina ankanyoza makina a mnzake kuti akutaya chimanga chokwana kunenepetsa mbewa za dera lonse, winayo n'kubweza kuti bola ake amayenda okha osachita kuwapempherera.

Mayi Marlys Vavra atamuona Yesenia anasiya ketulo ya khofi n'kumukumbatira.

"Iwenso wabwera? Ulendo wonse uja kuchokera kumzinda kudzatithandiza? Mulungu akudalitse, mwanawe. Taona anthuwa. Ine ndimangolira kuyambira m'mawa."

"Abambo akupeza bwanji?"

"Ndi awo ali apowo. Dzanja limodzi ndi mwendo umodzi zakana. Madokotala ati za thirakitala aiwale." Mayiwo anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni. "Sindinauze anthu ambiri, koma iwe ndikuuze. Kuno n'kukolola komaliza. Munda tagulitsa kwa a kampani ya ng'ombe aja, alowa mwezi wa Malichi. Akuti kumpoto kuja, kumitengo kuja, amangako makola. Bola iwe wamaliza zako chaka chino, apo ayi ndikanadziimba mlandu."

Yesenia anagwira nsonga ya tebulo. A Dwight, amene anali kumbuyo kwake, anayang'ana pansi.

A Arlen anali pachikuku pafupi ndi khomo la shedi, bulangete lili pamiyendo. Munthu ameneyu kwa zaka zitatu ankayenda naye m'timinda muja, akumunyogodola kuti chimanga sichiwerenga mabuku, koma ndi iye yemwenso ankathamangitsa aliyense woyandikira timbendera tija ndi thirakitala. Atamuona Yesenia maso awo anawala. Anakweza dzanja lamoyo lija n'kuloza kumpoto. Pakamwa panali popotoka, mawu ankatuluka movutikira.

"Zi... zinga... ti?"

"Akufunsa za timinda tako," anatero mayi Marlys. "Kuchipatala konse nkhani inali yomweyo. Akuti kaja kopanda feteleza wambiri kakuchititsa manyazi."

Yesenia anagwada pafupi ndi chikukucho. A Arlen anamuyang'ana, anayang'ana kalavani ya sikelo imene inali ikadali pamsewu lona lake losavundukula, kenaka anayang'ana a Verlin amene anaima chapatali chipewa chili pachifuwa. Sitiroko inawalanda dzanja, koma nzeru inawasiyira. Nkhope yawo inagwa. Anagwira mkono wa mtsikanayo mwamphamvu, misozi n'kuyamba kutsika tsaya limodzi.

"Taonani, akulira ndi chisangalalo," mayi Marlys anauza anthu. "Arlen, usalire, anzako akuseka."

Yesenia sanawatsutse. Anangosisita dzanja la nkhalambayo mpaka linamutaya.

Atatuluka panja mphepo inali itasintha, yozizira, ndipo mitambo yakuda inali itayamba kusonkhana kumadzulo. A Dwight anamutsatira. M'dzanja mwawo munali kadisiki kakang'ono kamene anazula pa kompyuta ya makina a a Verlin.

"Wamva wekha. Chaka chamawa kulibe. Tenga aka, kapena uyambirenso zaka zitatu."

Yesenia anakayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lake linanyamuka pang'ono, kenaka analilowetsa m'thumba la jekete.

"Kabwezeni kwa eni ake, bambo Pokorny."

"Uganize kaye, mwana wanga. Ukali ndi mkwiyo."

"Mkwiyo ndili nawo, ndipo sutha lero. Koma bambo aja andifunsa kuti zingati. Ine sindikudziwa. Ndiye ndikalemba kuti sindikudziwa."

"Nanga mayi ako?"

Apo ndiye misozi inatuluka. Anaipukuta ndi mkono mwaukali. "Ndiwaimbira akaweruka."

Pamsewu panamveka kukuwa. Woyendetsa lole yobiriwira anali ataitanidwa kwawo, ng'ombe zitathyola mpanda, ndipo lole yodzaza inali itatseka njira ya zinzake. Makina sakanayambanso popanda pothira. A Verlin ankafunsa uku ndi uku ngati pali amene ali ndi manja opanda ntchito.

"Makiyi ali momwemo?" anafunsa Yesenia.

A Verlin anatembenuka n'kuchita chibwibwi. "Iwe? Ayi, mwanawe, si iwe. Lole imeneyo ndi ija..."

"Ndikuidziwa. Chipale sichidikira, bambo Hruska."

Anakwera. Kuchokera kwa a Vavra kukafika kunkhokwe za kopaletivi ndi ulendo wa mphindi makumi awiri, ndipo anauyenda pang'onopang'ono, lole ikubuula pa zitunda. Atafika anaikweza pa sikelo yaikulu ija n'kuzima injini. Mayi wa pawindo anasuzumira, nayeza chinyezi, kenaka kamakina kake kanalira n'kulavula kapepala.

"Chimanga chabwino ichi, chouma bwino," anatero mayiyo. "Ndilembe dzina la ndani?"

"Vavra."

Mayiyo analemba n'kumupatsira kapepalako pawindo. Panali nambala imodzi yokha. Yesenia anaiwerenga kawiri, anapinda kapepalako kuti akapereke kwa mayi Marlys, n'kuliza injini, chifukwa kumbuyo kwake lole ina inali itayamba kale kuimba hutala.