Dzuwa la pa Mitsuko

Banja lonse linali pakhonde madzulo a Lachitatu, likumwa tiyi wa mbatata, koma Mayi Zipora sanakhudze kapu yawo. Maso awo anali pa mitsuko isanu ndi umodzi imene inandandalikidwa m'mbali mwa mpanda, yonse itang'aluka kuyambira pamlomo mpaka pamimba.

M'mawa anapita kumaliro kumtunda kwa Chinsapo, mitsukoyo ataisiya m'kachipinda kamdima, ataifunditsa masaka kuti iume pang'onopang'ono. Amuna awo, a Yona, amene aumba njerwa zaka makumi awiri, anaona dzuwa la Okutobala likungopita pachabe, ndipo anaitulutsa umodziumodzi, mosamala kwambiri.

Tsopano a Yona ankafotokoza kuti dothi ndi dothi basi, kuti njerwa zawo zimagona padzuwa masiku atatu osadandaula, ndiponso kuti iwo anangofuna kuthandiza.

"Bambo a Emily," anatero mayiwo motsitsa mawu, "munaonapo munthu akutungira madzi m'njerwa?"

A Yona anatola mbatata ina n'kuyamba kuisenda.

Mitsuko isanu inayo sinawapweteke kwenikweni Mayi Zipora. Chimene chinawadya mtima ndi kamtsuko kakumapeto, kopendekeka khosi, koyamba kuumbidwa ndi Emily, mwana wawo yekhayo wamkazi. Zaka zitatu anakhala akumunyengerera kuti aphunzire luso limene iwo analitenga kwa azakhali awo ku Nkhoma. Emily amaluka tsitsi mu saluni pamsika, ndipo ankakana ponena kuti dongo limathyola zikhadabo, komanso kuti anthu masiku ano amasunga madzi m'zigubu. Mwezi uno ndi pamene anagonja. Anakhala masiku anayi akukweza khoma la kamtsukoko, kukapala ndi chitsononkho, kukasalaza ndi mwala, mpaka anayamba kung'ung'udza nyimbo akugwira.

Emily anadzuka, nakanyamula, nayendetsa chala mumng'alu.

"Ndinkanena ine, Amayi. Chinthu chofuna kuleredwa ngati khanda sindingachithe."

Mayi Zipora anamuuza kuti nawonso yoyamba yawo inaphulikira pamoto, itatu yonse, azakhali akuseka. Koma Emily anali atatolera kale makapu, ndipo mawuwo anamupeza kumsana.

Kutacha, mayiwo anayala saka pabwalo n'kuyamba kuphwanya mitsukoyo ndi musi, poti dongo losawotcha likanyikidwa limafewanso. Anayala chiguduli china pambali pawo, choti Emily akhalepo. Emily anatuluka atavala kale, chikwama chili paphewa. Anawadzutsa mwaulemu, nanena kuti pali mayi wina amene akumudikira kuti amuluke. Chigudulicho anachiona, koma anachilambalala.

Mayi Zipora anamvetsera mpaka chitseko cha mpanda chitatsekeka. Kenaka anakoka kamtsuko kopendekeka kaja n'kukasinja pamodzi ndi inzake.

A Yona anafika kuchokera kumpopi atanyamula ndowa ya madzi onyikira dongolo, naima chapatali, n'kufunsa ngati athire onse kapena theka.