Muvi Wofiira wa Baldo

"Nguluwe ikaima pa mapazi zana ndi makumi asanu, ine ndimangofunsa kuti mukufuna diso liti, bwana, lamanja kapena lamanzere," anatero Baldo, akusisita uta wake ngati khanda.

Ananena izi pabwalo lopunthira tirigu, pamaso pa Ser Tancredi, kapitawo wa bwana mwini nkhalango zonse za kumtunda kwa tauni ya Norcia. Uta wake unali wopingasa uja timautcha balesitira, wachitsulo cha ku Milano, wolimba moti nsinga yake sinkakokeka ndi manja, ankachita kuipukusa ndi chopukusira. Mfuti masiku amenewo tinkangozimvera m'nkhani za asilikali.

Nencio, mlamu wake wa Baldo, anali chapambali akusema muvi, ndipo anavomera ndi mutu mwamphamvu. Sikuti anakhulupirira ayi. Mlenje wakale wa bwana anali atamwalira, ndipo ntchito yakeyo, imene Baldo ankaifuna, inkabwera ndi nyumba yamiyala m'mphepete mwa nkhalango ya makasitanya, mitengo ija yobala mtedza. Tsono Baldo, mkazi wake Fiora ndi ana awo anayi anali m'nyumba ya Nencio. Anabwera kudzakhala mlungu umodzi, ndipo chimenechi chinali chaka chachitatu. Soseji ya Nencio inkatha isanaume. Choncho m'mudzi monsemo panalibe munthu wofunira Baldo zabwino kuposa iyeyu.

Wina wofuna ntchitoyo anali Cecco, wootcha makala, munthu wakuda bii ndi mwaye, wokhala ndi uta wakale wa nyanga umene anasiya agogo ake.

"Nanga iwe Cecco, umalasa pa mapazi angati?" anafunsa kapitawo.

"Sindiwerenga, bwana. Ndikamva fungo lake ndiye kuti yafika."

"Ameneyu salasa, amaipempha nguluweyo kuti ikhalire muvi," anatero Baldo, anthu n'kuseka.

Ser Tancredi sanaseke. Anati Loweruka m'mawa kudzakhala uzimba kuchigwa cha Mphero, ndipo amene muvi wake udzapezeke m'nguluwe, nyumba ndi yake. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: mlenje aliyense ali ndi utoto wake pa muvi, ndipo nyama ikagwa palibe woikhudza mpaka kapitawo azule muviwo ndi kuuonetsa. Utoto wa Baldo unali wofiira. Cecco ankangopaka makala.

Mlungu wonsewo Nencio anagwira ntchito ngati wosemera bishopu. Anasankha mtengo wowongoka, nthenga za tsekwe za phiko limodzi, n'kuyeza nsonga pachala mpaka muvi utakhazikika. Nsinga anaipaka phula yekha. Baldo naye sanangokhala. Pa thabwa la uta wake anali atatema timizere toika chala chachikulu poloza: kamzere ka mapazi makumi asanu, ka zana, ka zana ndi theka. Pabwalopo, kunena zoona, ankalasa ndithu. Chipewa cha udzu chimene anachipachika pamtengo chinasanduka sefa.

"Alamu, timizere tanuti mwatema pabwalo," anatero Nencio Lachisanu masana. "Bwalo ndi lathyathyathya. Kuchigwa cha Mphero kulibe malo athyathyathya ngakhale oti nkhuku n'kuikirapo dzira."

"Mapazi ndi mapazi, alamu."

"Ayi. Mukalasa chotsetsereka muvi sugwa msanga, umadutsa pamwamba. Njira imaoneka yaitali koma muvi umaona yaifupi. Mukatsike mukabisale pafupi ndi mtsinje. Mukakana, mukalozeko pansi pang'ono."

"Ndikabisale m'zitsamba ngati Cecco? Kuti bwana akaone chiyani, msana wanga? Inu semani mivi, kulasa musiyire eni ake."

"Ine ndikungofuna bedi langa libwerere," anatero Nencio, koma motsitsa mawu, chifukwa mlongo wake Fiora anali pakhomo akumanga kale mapoto m'nsalu.

Loweruka dzuwa litangotuluka anthu anali kuchigwa. Ser Tancredi anabwera ndi bulu wake atasenza buledi, tchizi ndi kamgolo ka vinyo wa kwawo ku Montefalco, amene sankagawirako ngakhale wansembe. Buluyo anamumangirira patsidya, pakanjira kokwera, kutali ndi mtsinje kuti agalu asamudzidzimutse. Kenako anawoloka n'kukwera pathanthwe lalikulu pamene Baldo anasankha kuima. Pamenepo chigwa chonse chinkaoneka, pansi penipeni kamtsinje kakung'anima ngati ulusi.

Cecco sanakwere nawo. Ananyowetsa chala, n'kuchikweza kuti amve mphepo, kenako anatsetsereka n'kuzimiririka m'zitsamba.

"Wapita kukagona," anatero Baldo.

Anaponda uta, napukusa chopukusira, tcheketcheke, mpaka nsinga inakodwa. Nencio anamupatsa muvi wofiira uja ndi manja awiri.

"Pansi pang'ono, alamu."

"Mwayamba kulira maliro nyama isanafe?"

Anadikira nthawi yaitali. Kapitawo anayasamula kawiri. Kenako agalu anayamba kuuwa kumtunda, anthu akumenya mitengo ndi kukuwa, ndipo zitsamba zinagwedezeka. Inatulukira nguluwe yamphongo, yaimvi pamsana, mano ngati zikwakwa. Inafika pamtsinje n'kuima, ikununkhiza mphepo.

Baldo anayang'ana kutsetserekako, milomo ikuwerenga. "Zana ndi theka," ananong'ona. Nencio anaona chala chikusuntha kupita pa kamzere komaliza, mphuno ya uta n'kukwera, ndipo anangoyang'ana kumwamba kumene amakhala oyera mtima.

"Lamanja, bwana," anatero Baldo, n'kukhethemula.

Uta unalira kuti thwaa. Pansipo nguluwe inadumpha, inathamanga mapazi asanu, n'kugwa chammbali m'madzi, miyendo ikupalasa.

Nencio anatsegula pakamwa. Mumtima anayamba kale kukankhira bedi lake pafupi ndi moto.

"Mwaona? Mwaona, alamu?" Baldo anakuwa mpaka chigwa chinayankha. "Chotsetsereka! Muvi umaona njira yaifupi! Muvi uli ndi maso, eti? Kauzeni Fiora anyamule ndi mphaka yemwe!"

Kutsika kunawatengera nthawi, chifukwa Ser Tancredi anali ndi mimba yofuna ulemu. Atafika anapeza anthu atazungulira nyamayo, manja kumbuyo monga mwa lamulo. Cecco anali atakhala pamwala akutafuna kasitanya, uta wake wa nyanga uli pamiyendo, wopanda muvi.

"Pepa, achimwene," anatero Baldo, akumusisita paphewa. "Makala nawonso ndi ntchito. Ndizidzagula kwa iwe."

Kapitawo anapinda malaya, anaponda nguluweyo, n'kugwira kamtengo kamene kanatulukira kuseri kwa phewa. Anakoka, anapotokola, muvi n'kutuluka. Anauviika mumtsinje kuti magazi achoke, chifukwa magazi amafiiritsa muvi wa aliyense. Atautulutsa unali wakuda.

Anthu onse anacheukira Cecco.

"Wanga wapyola," anatero Baldo msangamsanga. "Chitsulo cha ku Milano chimenechi, bwana, sichiima m'nyama. Walowa diso, watulukira kwina. Uyu wabaya mtembo. Tembenuzani muone."

Anaitembenuza. Maso onse awiri analipo, akuyang'ana Baldo.

"Ndiye kuti walowera m'kamwa. Funani m'madzimo, muupeza pompano."

Anthu ena anayambadi kusuzumira m'madzi. Nencio sanavutike nazo. Iye anali atamva kale kabelu kakulira patsidya, ngwee, ngwee, kakutsika ndi kanjira kaja.

Anali bulu wa kapitawo, atadula chingwe, akubwera pang'onopang'ono ngati wopita ku Misa. Anawoloka mtsinje, n'kudzaima pambali pa mbuye wake. Pakati penipeni pa kamgolo panali patazikika muvi, nthenga za tsekwe zili chilili, utoto wofiira ukuwala padzuwa, ndipo vinyo womaliza wa ku Montefalco ankatsika ndi mwendo wa bulu, kudontha pa nsapato ya Ser Tancredi.