Tsiku Loti a Delbert Amveke

Kwa zaka zoposa khumi a Delbert Huckaby ankaoneka pa kanema Lolemba lililonse madzulo, koma m'dziko lonse la America munalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anamvapo mawu awo pa kanemapo. Ntchito yawo m'sewero la banja la a Whitlock inali kukhala pabenchi ya pakhonde la sitolo, atavala ovololo ndi chipewa cha makedzana, n'kumacheza ndi mnzawo Otis Varney. Macheza akewo anali a milomo yokha. Lamulo la anthu odzaza malo kumbuyo ndi limenelo: seka, gwedeza mutu, tsutsa ngati ukufuna, koma maikolofoni isakumve, chifukwa mawu ali ndi eni ake. Ukangotulutsa liwu, mawa lake benchi umaipeza ili ndi wina.

Luso limeneli a Delbert analidziwa kuposa aliyense. Ali pabenchi pomwepo anaona banja la a Whitlock likufika pangolo kudzayamba moyo m'chipululu, ana akubadwa, kukula, mpaka kukwatiwa. Anaonanso chilala, moto ndi miliri imene olemba sewero ankatumiza m'tawuni ya Dry Fork nthawi zonse owonera akayamba kuchepa. Zonsezi anazikambirana ndi Otis mozama kwambiri, popanda kutulutsa mawu.

"Anzanga kutchalitchi amandifunsa ngati ndinakwatiwa ndi nsomba," ankatero akazi awo, a Maxine. "Pakamwa yasa, yasa, kanthu osatuluka."

"Limenelo ndi luso, mayi."

"Nanga lusolo bwanji simubwera nalo kunyumba kuno, nanenso makutu anga apumeko?"

A Delbert ankaseka nawo, koma mumtima zinkawapweteka. Sankafuna kutchuka kapena kuti dzina lawo lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu. Ankangofuna kuti tsiku lina, kamodzi kokha, mawu awo atuluke m'bokosi lija la pabalaza, a Maxine ali pomwepo akumva.

Kenako sewerolo linatha. Owonera analira ndi kudandaula, mpaka akuluakulu a kanema anavomera kupanga mafilimu awiri otsekera nkhani yonse. M'filimu yoyamba a Delbert anatchingidwa ndi ng'ombe kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo chinaoneka ndi chipewa chokha. Yachiwiri inali yomaliza zenizeni: njanji yafika ku Dry Fork, a Whitlock akalamba, akukwera sitima kukakhala kwa mwana wawo kutawuni.

M'mawa wina Rhonda, mayi amene ankayang'anira anthu akumbuyo, anabwera pabenchi n'kuwayang'anitsitsa madala awiriwa ngati akusankha nkhuku pamsika.

"A Kessler akufuna mdala mmodzi wa m'tawuni muno atsazike banja pasiteshoni," anatero. A Kessler anali wotsogolera filimuyo. "Chiganizo chimodzi basi. A Delbert, ndinu."

"Bwanji iwowo?" anafunsa Otis. "Pabenchi pano ndinayamba kukhalapo ndine."

"Kamera idzakhala pafupi. Ndevu zanuzo n'zomata, a Otis, ndipo kukatentha zimayamba ulendo."

Otis anagwira chibwano chake. A Delbert anakanika kuyankhula chifukwa cha chimwemwe, koma palibe amene anaona zachilendo pamenepo.

Mawu ake anali akuti: "Muyende bwino, a Whitlock." A Delbert anawayeserera m'bafa, m'galimoto, ngakhale pamzere wa kusitolo. Anawanena mokalipa, mwachisoni, mwaulemu, ngakhale monong'ona. Galu wawo anatsazikidwa kambirimbiri mpaka anayamba kubisala kunsi kwa tebulo akamva kuti abwana akutsuka kukhosi. A Maxine, amene ankanamizira kuti zonsezi sizikuwakhudza, anaimbira foni abale onse, a ku Bakersfield ndi a ku Oklahoma omwe.

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Kumapiri ouma a kumpoto kwa Los Angeles, kumene kunamangidwa tawuni yamatabwa ija, anthu onse anali atavala majekete a nyengo yozizira, thukuta lili kamukamu. Sitima ya malasha anakaibwereka kumalo osungirako zinthu zakale, ndipo inabwera ndi woyendetsa wake, nkhalamba yosaseka.

"Iyi ndi gogo," woyendetsayo anauza a Kessler. "Kutsogolo ipita. Zobwerera m'mbuyo musandifunse. Ikachoka, yachoka."

Choncho anayamba ayeserera sitima ili chiimire. A Delbert anatuluka m'gulu la anthu, anavula chipewa, n'kutulutsa mawu amene anawasunga zaka zonse zija. Hatchi ya pangolo inadzidzimuka, ndipo munthu wojambula mawu anavula zam'makutu zake n'kuyamba kutikita khutu.

"Mdala, a Whitlock ali pafupi nanu pomwepo, sali kutsidya la mtsinje," anatero a Kessler. "Tsitsaniko pang'ono."

Anayesanso, zinayenda bwino. Ngakhale Otis anavomereza ndi mutu, ndevu zake zitapendekeka kale mbali imodzi.

Tsopano moto unakolezedwa, sitima inayamba kupuma utsi, makamera onse anayatsidwa. Rhonda anakweza dzanja n'kufuula mawu ake a masiku onse: "Akumbuyo, yambani!"

Mawu amenewa a Delbert anali atawamva m'mawa uliwonse wa ntchito kwa zaka zoposa khumi, ndipo thupi lawo linkadziwa chochita likawamva. Mutu unalibe nawo gawo. Nthawi yawo itakwana anatuluka m'gulu, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, misozi yeniyeni ili lengelenge m'maso. Anayang'ana bambo Whitlock, munthu amene anamuona akuvutika ndi chilala ndi dzombe la olemba sewero, ndipo anatsegula pakamwa n'kunena chiganizo chonse mokongola kuposa m'bafa muja. Iwo anachimva bwinobwino m'mutu mwawo. Panja sipanatuluke kanthu.

Wosewera ngati bambo Whitlock anadikira pang'ono, koma anali katswiri wakale. Anagwedeza mutu, anati, "Zikomo, mnansi wanga," n'kukwera. Sitima inagwedezeka n'kuyamba kuyenda.

A Delbert anabwerera m'gulu mtima uli mbee. Atatembenuka kuti alandire ulemu wawo kwa Otis, anapeza mnzawoyo maso ali tong'o, akuwakalipira. Poti makamera anali akujambulabe, Otis ankakalipa mwa lamulo, ndi milomo yokha, ndipo a Delbert anawerenga milomoyo mosavuta: "Chitsiru iwe, sunamveke!"

A Delbert anatembenuka. Anayang'ana wojambula mawu uja, amene ankagogoda makina ake poganiza kuti awonongeka. Anayang'ana sitima, ikutuluka pasiteshoni ndi mwayi wawo wonse. Ndiye mdala wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi anataya chipewa n'kuliyatsa liwiro.

"Muyende bwino, a Whitlock!" anakuwa. Nthawi yomweyo woyendetsa uja anakoka chingwe, sitima inalira mogonthetsa m'khutu.

"Muyende bwino!" Inaliranso, chifukwa woyendetsayo anauzidwa kuti ailize mpaka atakhota paphiri, ndipo iye sanali munthu wosintha zimene wauzidwa.

A Delbert anathamangabe m'mbali mwa njanji, lamba wa ovololo mmodzi ataduka, akukuwa ndi kukupiza manja, mpaka utsi wakuda unawaphimba. Anagwada pamiyala akutsokomola. Apo m'pamene a Kessler anakumbuka kunena kuti makamera azime.

Kuseri kwa phiri kunamveka kuphulika, kenako nthunzi yoyera inakwera m'mwamba. Gogo uja anali atamaliza ulendo wake.

"Bwana, tibwereze," a Delbert anachonderera motero atawapeza a Kessler. "Ndikankha ndekha sitimayo."

Koma a Kessler anawakumbatira, maso ali ofiira. "Mdala, zimenezi anakuphunzitsani ndani? Munali kuti zaka zonsezi?"

"Pabenchi, bwana. Koma mawu anga amveka?"

"Musadandaule, tikakonza."

A Delbert anawatenga mawu amenewa ngati lonjezo, posadziwa kuti anthu a mafilimu amanena zimenezi ngakhale nyumba ikupsa. Kunyumba sanaulule kanthu. A Maxine akafunsa, ankangoti, "Mudzaona nokha, mayi."

Filimu inaulutsidwa patapita miyezi, Lolemba lina madzulo. Pabalaza pa a Huckaby panadzaza: anansi, amayi a kutchalitchi, Otis wopanda ndevu, ndi mlamu wawo Floyd amene anayendetsa galimoto kuchokera ku Bakersfield kudzamva nsomba ikuyankhula. A Maxine anakazinga nkhuku, anaphika chitumbuwa cha maapozi, ndipo analetsa aliyense kutafuna filimu ikamayandikira kumapeto.

Siteshoni inaoneka. Kenako nkhope ya a Delbert inadzaza kanema yonse, ndevu, misozi ndi zonse. Milomo inayenda. M'bokosimo munali zii.

"Wati chiyani?" anafunsa Floyd. "Maxine, kweza!"

"Ndakweza kale mpaka kumapeto," anayankha a Maxine motsitsa. Anayang'ana amuna awo, amene ankayang'ana nsapato zawo, ndipo anamvetsa zonse. Chisoni chinawagwira, moti sanathe kupitiriza kuonera. Ananyamula mbale zimene zinali zisanathe n'komwe n'kulowa nazo kukhitchini.

Pakanema mdala anayamba kuthamangira sitima. Apa a Delbert anadzutsa mutu, poti mwina apa m'pamene a Kessler anakonza. Anakonzadi: anathirapo nyimbo ya azeze ambirimbiri pamwamba pa kulira kwa sitima, moti pakamwa pa mdalayo pankangotseguka ndi kutsekeka m'kati mwa utsi. Amayi a kutchalitchi anayamba kufwenthera. Wina anati sanaonepo kutsazikana kowawa chonchi. Floyd yemwe anatulutsa kansalu n'kunamizira kuti akupukuta mafuta a nkhuku.

A Delbert sanasangalale nazo. Dziko lonse linkalira chifukwa cha iwo, koma chimene ankafuna chija chinali chitapita ndi sitima, ndipo sewero lina la a Whitlock silidzakhalaponso.

Nyimbo inatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Sitima inakhota paphiri. Panatsala mdala yekha atagwada pamiyala, ndipo m'bata limenelo anatsokomola katatu, chifuwa chouma chomaliza ndi kamluzu. Kanema inada, mayina anayamba kukwera.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka mwamphamvu. A Maxine anatulukira ndi kapu ya madzi, n'kulunjika pampando wa amuna awo.

"Imwani, bambo. Ndinakuuzani kuti nkhuku musamameze ngati mukuthamangitsidwa."

A Delbert anawayang'ana. "Sindinatsokomole ine, mayi."

"Musandipusitse. Chifuwa chimenecho ndagona nacho chipinda chimodzi zaka zonsezi, ndingachisokoneze ndi cha Floyd?"

"Chachokera umo," anatero Otis, akuloza kanema.

A Maxine anatembenuka n'kuyang'ana bokosilo, mmene mayina a anthu ena ankakwerabe.

"Ndiye kuti ndakumvani ndili kukhitchini," anatero. "Ndi chitseko chotseka."

A Delbert analandira kapuyo ndi manja awiri n'kumwa madzi onse.