Kanema wa Ukwati wa Falida

Dunstan anajambula ukwati wa Falida kwa Mwambo ndi kamera yobwereka. Atabwerera kushopu kwake ku Songani, pulogalamu yokonzera makanema pakompyuta inakana kutsegula failo ya kanemayo. Anaisintha kukhala failo ya mtundu wa MP4, ndipo inatseguka. Ataona zithunzi zikuyenda, anafufuta zonse za m'khadi la kamerayo, poti mawa lake kunali chinkhoswe choti akajambule.

Anadzazindikira mochedwa kuti mawu anatayika posinthapo.

Falida anabwera patatha mwezi, atangoika maliro a bambo ake.

"Achimwene, zinazo musavutike nazo. Ndingomvako pomwe bambo ankandilangiza."

Dunstan anamuonetsa. Bambowo ankalankhula akumwetulira, atagwira phewa la mwana wawo.

"Takwezani voliyumu," anatero Falida.

Dunstan anazyolika.

"Achemwali, ndinafufuta ndisanamvetsere. Mundikhululukire."

Falida anaonera mpaka kumapeto.